Bwinja la Wharram Percy: kodi unali mliri?

Funso: Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'tauni ya Malton, kumpoto kwa England. Lamlungu lina mnzanga wakuntchito ananditenga kokawongola miyendo kumalo otchedwa Wharram Percy. Chikwangwani chimati ndi mudzi, koma tinangopeza tchalitchi chopanda denga, dziwe, nyumba imodzi yotseka ndi timitumbira m'udzu. Mnzangayo akuti anthu onse anatha ndi mliri. Kodi n'zoona? Nanga abale awo analekereranji malo ndi manda? Ndiponso kuno ndimaona timalo ta nyumba zinayi kapena zisanu tokhala ndi dzina pamapu, amati hamlet. Kodi timeneti n'totsalira ta midzi yotere?

Yankho: Mayi, mnzanuyo wanena zimene Angerezi ambiri amanena akaona bwinja, ndipo sindikumuda nazo. Nkhani ya mliri ndi yokoma kufotokoza chifukwa ilibe woimbidwa mlandu. Mliri unafikadi ku Wharram Percy m'chaka cha 1349 ndipo maliro analiko, koma utapita anthu anapitiriza kulima, kukwatirana ndi kubatizitsa ana pamalo omwewo kwa zaka zina pafupifupi 150. Chimene chinatha mudziwo ndi nkhosa. Kapena ndinene bwino: ndi mwini malo amene anakhala pansi n'kuwerengera, n'kupeza kuti nkhosa zimubweretsera ndalama zambiri kuposa anthu.

Tiyambe ndi nthaka imene munapondayo, chifukwa ndiyo inasankha pokhala mudzi. Zitunda zimene mumaziona mukachoka ku Malton kulowera kummwera chakum'mawa zimatchedwa Yorkshire Wolds, ndipo pansi pa udzu wakewo pali mwala wa choko wokhawokha. Choko chimamwa madzi ngati thonje. Mvula ikagwa siyenderera pamwamba, imangolowa pansi, n'chifukwa chake dera lonselo lili ndi zigwa zakuya zooneka ngati munkadutsa mitsinje koma mulibe ngakhale dontho. Zigwazo zinakumbidwa kalekale pamene nthaka inali youma gwa ndi chisanu, madzi osungunuka akuthamanga pamwamba posowa polowera. M'dziko lotere, malo amene kasupe amatuluka chaka chonse ndi chuma. Wharram Percy ndi amodzi mwa malo amenewo: akasupe amatumphuka m'munsi mwa chigwa, pamene choko chakumana ndi dongo, n'kupanga kamtsinje kamene madzi ake amakathera mu mtsinje wa Derwent, womwewo umene umadutsa ku Malton kwanuko. Koma nyumba zambiri sizinali m'chigwamo. Zinali pamtunda, kumadzulo, pamwamba pa phedi limene mwina munakwera mukupuma wefuwefu. Tangoganizani amayi a m'mudzimo akukwera pamenepo ndi madzi tsiku lililonse, m'matope a mu Januwale.

Anthu anayamba kukhala pafupi ndi akasupewo Aroma asanafike, ndipo m'nthawi ya Aroma panali timafamu tomwazikana. Mudzi weniweni, wa nyumba zondandalikana, unakhazikika pakati pa zaka za m'ma 900 ndi za m'ma 1100. Umapezeka m'kaundula wamkulu wa malo wa 1086, wotchedwa Domesday Book, amene mfumu William wa ku Normandy, dera la ku France, analembetsa atalanda dzikolo mu 1066 pofuna kudziwa kuti ndani ali ndi chiyani komanso msonkho ungatuluke wochuluka bwanji. Mawu akuti Percy anawonjezedwa pambuyo pake. Ndi dzina la banja limene linadzakhala eni ake, ndipo linkathandiza kusiyanitsa mudziwu ndi unzake wa pafupi, Wharram-le-Street, umene ulipo mpaka lero m'mbali mwa njira yakale ya Aroma.

Timitumbira munaonato si manda ayi. Ndi maziko a nyumba. Mukaima bwino mudzaona kuti tili m'mizere, ndipo pakati pake pali njira yolowa pansi ngati khwawa. Umenewo unali msewu wa mudzi, umene unakumbika ndi ziboda za ng'ombe ndi magudumu a ngolo kwa zaka mazanamazana. M'mbali mwake banja lililonse linali ndi malo ake oyezedwa bwino: kutsogolo bwalo la nyumba, khola ndi nkhokwe, limene ankalitcha toft, ndipo kuseri kamunda kakatali kopapatiza kotchedwa croft, kolimamo kabichi, nyemba ndi anyezi kapena kutsekeramo ana a ng'ombe. Malo oterewa alipo pafupifupi 40. Kufanana kwa miyeso yake kumaonetsa kuti mudziwu sunangomera wokha ngati bowa. Panali wina amene anagwira chingwe n'kugawa.

Nyumba zake zinali zazitali, mamita 15 mpaka 20, koma zopapatiza, mamita asanu kapena asanu ndi limodzi. M'nyumba zina anthu ankagona mbali imodzi, ziweto mbali inayo, pansi pa denga limodzi la udzu, makomo awiri oyang'anizana ali pakati. Moto unkasonkhedwa pansi pakati pa chipinda, utsi n'kumadzipezera wokha njira kudenga, ndipo aliyense amene anakulira m'khitchini ya mwaye akudziwa mmene maso amawawira. Pali phunziro lina pa nyumba zimenezi limene ndimakonda kuuza ophunzira. Ofukula zakale oyambirira atapeza kuti makoma a choko ankamangidwa mobwerezabwereza, anagamula kuti alimi akalewo ankakhala m'zisakasa zosakhalitsa, zogwa m'badwo uliwonse. Patapita zaka, katswiri wina, Stuart Wrathmell, anaonanso umboniwo n'kupeza kuti denga silinkatsamira pa makoma. Linkatsamira pa mizati ikuluikulu yokhota, iwiriiwiri, yochokera pansi n'kukakumana pamwamba, yomangidwa ndi amisiri odziwa ntchito. Khoma linali longotchinga mphepo, ndipo likagumuka ankalikonza nyumba ili chiimire. Anthu ophunzira anafulumira kukhulupirira kuti mlimi wakale anali wosadziwa kumanga chifukwa n'zimene ankayembekezera kale.

Minda inali kunja kwa mudzi, pamtunda, ndipo inalibe mipanda. Inali minda ikuluikulu ya mudzi wonse, yogawidwa m'zigawo zazitali zopapatiza, banja lililonse lili ndi zigawo zake zomwazikana uku ndi uku, kuti aliyense alaweko nthaka yabwino ndi yoipa yomwe. Chaka chilichonse mbali ina inkagonekedwa kukhala tsala, ziweto za onse n'kumadya momwemo ndi kusiyamo ndowe. Ankalima tirigu, balere, oats (mbewu yonga tirigu) ndi nsawawa. Chimanga ndi mbatata kunalibe, zinali zisanachoke ku America. Pulawo yake inali yolemera, yokokedwa ndi ng'ombe zapagoli zimene nthawi zina zinkafika zisanu ndi zitatu, ndipo mlimi wamba analibe ng'ombe zochuluka chotero. Ankasonkherana, uyu ziwiri, uyu ziwiri, mutu umodzi susenza denga. Chifukwa choti pulawoyo inkagwetsera dothi kudzanja lamanja nthawi zonse, chigawo chilichonse chinkatukuka pakati chaka ndi chaka mpaka kukhala ngati mzere waukulu. Mukadzayenda m'madera apakati pa England mudzaona madambo a msipu okhala ndi mafunde otere, ndipo mudzaganiza kuti ndi mizere ya chimanga ya zimphona. Kusiyana kwake n'kwakuti yathu timaunda dala ndi khasu chaka chilichonse, pamene iyo inadziunda yokha. Ekala imene timayezera minda kwathu inabadwira m'minda yotereyi: poyamba inkatanthauza malo amene goli la ng'ombe lingalime tsiku limodzi.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa funso lanu lakuti abale analekereranji malo lagona pomwepa. Inu ndi ine tikamva mawu akuti mudzi timaganiza za malo a makolo, amene mfumu imangoyang'anira m'malo mwa mbumba, moti ngakhale munthu atakhala zaka makumi atatu ku Joni amadziwa kuti kwawo kuli pake. Mudzi wa ku England wa nthawi imeneyo sunali wotero. Nthaka yonse, minda, msipu, chigayo, inali m'manja mwa bwana mwini malo, amene naye anaipatsidwa ndi wamkulu kuposa iye, mpaka kukafika kwa mfumu ya dziko. Alimi ambiri anali okhala pamalo a mwini. Ankalipira lendi, ankakakamizidwa kugayitsa pa chigayo cha bwanayo, ndipo m'madera ambiri ankamulimiranso munda wake masiku oikika popanda malipiro. Amene agogo awo anakhalapo m'maesiteti a ku Thyolo, Mulanje kapena Chiradzulu ali nalo kale dzina la zimenezi, thangata, ngakhale kuti ku England bwana ndi wolima anali anthu a dziko limodzi, olowa tchalitchi chimodzi. Mwambo unkamuteteza mlimi ndithu, mwana ankalowa m'munda wa bambo ake ndipo bwalo la milandu la pamudzi linkalemba zimenezi. Koma chitetezo cha mwambo chimalimba pokhapokha bwana akamakufuna.

Kwa nthawi yaitali ankawafuna. Banja la Percy la ku Wharram, limene linali nthambi yaing'ono ya banja lotchuka la dzina lomwelo, linamanga nyumba yamiyala kummwera kwa mudzi m'zaka za m'ma 1100. Mu 1254 Peter de Percy anagula ufulu wonse umene banja la Chamberlain linali nawo pamalopo, ndipo kuyambira pamenepo mudzi wonse unakhala wa mwini mmodzi. Chaka chimenecho muchisunge. Likulu la bwana linakhala kumpoto kwa mudzi, nyumba zatsopano za alimi zinawonjezedwa, zigayo ziwiri zoyendera madzi zinkagaya. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 anthu anafika pafupifupi 200.

Mavuto anayamba mliri usanafike. Kuyambira 1315 mpaka 1317 mvula inagwa mosalekeza ku Ulaya konse chakumpoto, tirigu anaolera m'munda, kunagwa njala yoopsa. Itangotha njala, matenda anagwira ng'ombe. Pa nthawi yomweyo asilikali a ku Scotland, atagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Bannockburn mu 1314, ankalowa m'Yorkshire, chigawo chimene muli Wharram, kudzatentha midzi ndi kulanda ziweto. Ku Wharram kunagwanso vuto lapadera: wolowa m'malo wa banja la Percy anamwalira mu 1315 n'kusiya mwana wamkazi wamng'ono, Eustachia, ndipo malo a mwana wamasiye wotere ankayang'aniridwa ndi anthu amene mtima wawo unali pa zotuluka lero, osati pa za mawa. Zolembedwa za 1323 zimaonetsa kuti magawo awiri mwa atatu a minda anali osalimidwa, ndipo zigayo zonse ziwiri zinali zitaima. Apa n'kuti mliri kudakali zaka 26 kuti ufike.

Unafika mu 1349, mliri umene Angerezi amautcha Black Death. M'dziko lonse unapha munthu mmodzi mwa atatu alionse, mwinanso kufika theka. Ku Wharram unatenga Walter de Heslerton, mwamuna wa Eustachia uja, pamodzi ndi alimi ambiri. Komabe mu 1368 nyumba pafupifupi 30 zinali ndi anthu ndipo chigayo chimodzi chinali chitayambanso kugaya. Mudzi wotha ndi mliri sukhala ndi nyumba 30 zofuka utsi patapita zaka 19.

Chimene mliri unachita n'kusintha mtengo wa munthu. Anthu atachepa, waganyu anakwera mtengo, minda yopanda olima inachuluka kulikonse, ndipo mlimi wa pa choko chowonda cha ku Wolds anatha kunyamuka n'kukapeza nthaka yonona kuchigwa kapena ntchito mumzinda wa York. Achinyamata anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Pa nthawi yomweyo malonda a nsalu za ubweya anayamba kukula, ubweya wa nkhosa n'kukwera mtengo. Cha m'ma 1400 a Percy anasinthanitsa Wharram ndi malo ena, mudziwo n'kugwera m'manja mwa banja la Hilton, la kufupi ndi Sunderland, kutali kumpoto. Eni atsopanowa sanakhalepo pamudzipo. Sankadziwa kuti mwana wa uje wadwala kapena kuti denga la uje ladontha. Kwa iwo Wharram unali mzere m'buku la ndalama. Chapakati pa zaka za m'ma 1400 mabanja anali atatsika kufika pa 16 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo munda uliwonse wosiyidwa unkasanduka msipu. Apa panali msampha: ulimi wa minda yopanda mipanda umafuna anthu ambiri osonkherana ng'ombe, choncho banja lililonse lochoka linkalemetsa goli la otsala.

Mapeto ake timawadziwa chifukwa boma linachita mantha. Midzi inali kutha m'madera ambiri, ndipo mudzi wotha unkatanthauza msonkho wochepa, asilikali ochepa ndi anthu oyendayenda ochuluka m'misewu. Mu 1489 nyumba ya malamulo inaletsa kugwetsa nyumba za alimi, ndipo mu 1517 Kadinala Wolsey, nduna yaikulu ya mfumu, anatumiza ofufuza m'zigawo za dziko kukafunsa kuti ndani wagwetsa chiyani. Pa Wharram Percy analemba kuti Baron William Hilton anathamangitsa mabanja anayi n'kugwetsa nyumba zawo, chapafupi ndi chaka cha 1500. Pofika 1527 minda yonse inali msipu, ndipo m'zaka za m'ma 1540 pamalo amene ankadyetsa anthu 200 pankadya nkhosa zoposa 1,200, zoyang'aniridwa ndi abusa owerengeka.

Mabanja anayi ndi ochepa, ndipo alipo akatswiri amene amati tisamunenere kwambiri Hilton, mudzi unali utafa kale, iye anangotseka maso a maliro. Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Midzi yambiri ya ku England inachepa chimodzimodzi pambuyo pa mliri koma inadzakulanso anthu atayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1500. Imene inatheratu kawirikawiri inali ing'onoing'ono, ya pa nthaka yoyenera msipu, ndiponso ya mwini mmodzi. Pamudzi pamene panali eni atatu kapena anayi, kapena alimi okhala ndi malo awoawo, panalibe munthu woti n'kudzuka m'mawa n'kunena kuti nonse chokani. Ku Wharram munthu wotero analipo kuyambira 1254. Ndiye abale sanalekerere malo. Analibe malo oti abwerere. Khomo la agogo awo linali msipu wa mwini, ndipo kumangapo ngakhale chisakasa kukanakhala mlandu. Midzi yotha m'njira zosiyanasiyana imene yapezeka ku England ndi pafupifupi 3,000.

Za hamlet zija. Mwachizolowezi cha Angerezi, village ndi mudzi wokhala ndi tchalitchi chakechake cha parishi, pamene hamlet ndi kamudzi kopanda tchalitchi, kamene anthu ake amakapemphera ndi kukaika maliro kwina. Kukula si ndiye muyeso weniweni. Choncho Wharram Percy sunali hamlet, unali likulu la parishi ya midzi isanu: Wharram womwewo, Thixendale, Raisthorpe, Burdale ndi Towthorpe. Mwa isanuyi, Thixendale wokha ndiwo ukadali mudzi. Enawo anafota n'kutsala famu imodzi kapena nyumba zowerengeka, ndipo amenewo ndiwo mukuwaona pamapu. Mwaganiza bwino ndithu, kudera lanulo timidzi tambiri totere ndi zitsa za midzi imene inali yokulirapo. Dzina limakhalitsa kuposa nyumba. Mayina othera ndi thorpe anachokera ku chinenero cha anthu a ku Scandinavia amene anakhazikika m'Yorkshire kuyambira zaka za m'ma 800, ndipo amatanthauza kamudzi kophukira pa mudzi wina. Koma musatenge lamulo limeneli kupita nalo dziko lonse. Ku Devon, ku Cornwall kapena kumapiri a Lake District anthu sanasonkhanepo m'midzi ikuluikulu. Kumeneko hamlet ya nyumba zisanu inali ya nyumba zisanu kuyambira kale, sinafote.

Tchalitchi chopanda denga chija, cha St Martin, chinatsala chifukwa chinali cha midzi isanu, osati umodzi. Mukadzapitanso mudzayang'ane makoma ake a m'mbali. Mudzaona zipata zikuluzikulu zokhota pamwamba zimene zinatsekedwa ndi miyala. Tchalitchicho chinayamba chaching'ono, chamatabwa, m'zaka za m'ma 900, kenaka chamiyala. Anthu atachuluka anaboola makoma n'kuwonjezera zipinda m'mbali zonse ziwiri. Atachepa anagwetsa zipindazo n'kutsekanso mabowo. Kaundula wa anthu a parishi yonse walembedwa pakhoma pamenepo, wosafuna kudziwa Chilatini kuti umuwerenge. Anthu a ku Thixendale anapitiriza kuyenda ulendo wa makilomita pafupifupi asanu kudzapemphera pabwinja mpaka 1870, pamene anamangiridwa tchalitchi chawo. Mapemphero omaliza ku St Martin anachitika mu 1949, ndipo mbali ina ya nsanja inagwa ndi mphepo yamkuntho mu Disembala 1959.

Zonsezi tikuzidziwa chifukwa cha anthu awiri ouma mutu. Maurice Beresford, mphunzitsi wa mbiri ya zachuma pa yunivesite ya Leeds, anafika pamalopo mu 1948, nthawi imene akatswiri akuluakulu ena ankakayika ngati midzi yotha inaliko n'komwe yochuluka. Anayamba kukumba mu 1950, ndipo mu 1952 anagwirizana ndi John Hurst, wodziwa zofukula. Anabwerera chilimwe chilichonse mpaka 1990, zaka 40, ndi magulu a anthu ongodzipereka ogona m'matenti. Awiriwa asanayambe, ofukula zakale ankathamangira nyumba za mafumu, za Aroma ndi za amonke. Kukumba pakhomo pa mlimi wamba, kutola mapale a miphika yake, zipeso ndi misomali, chinali chinthu chachilendo. Ndipo pali chinthu chowawa pang'ono apa: nkhosa zimene zinathamangitsa anthu ndizo zinasunga mudzi wawo. Pakanapitirira kulimidwa, pulawo ikanasalaza zonse. Udzu wa msipu unafunditsa maziko kwa zaka 450.

Anafukulanso manda, mafupa a anthu 687. Ndikudziwa mmene mawu amenewa akukukhudzirani, inenso anandikhudza choncho, chifukwa kwathu kumanda sikupita munthu wopanda chifukwa, ndipo khasu limagwirako adzukulu okha. Angerezi amaona mosiyana mafupa a zaka mazana ambiri amene alibenso owalira. Sindikuuzani kuti muvomereze, koma zimene mafupawo ananena n'zofunika kuzimva. Simon Mays, amene anawaphunzira kwa zaka zambiri, anapeza kuti ana ankayamwa mpaka chaka ndi theka, ndipo zimenezi zinkawateteza. Vuto linkayamba akasiya bere: ankapinimbira kwambiri moti mwana wa zaka 14 ankafanana msinkhu ndi mwana wa zaka 10 wa ku England lero. Chifuwa chachikulu chinaliko. Amayi okalamba anali ndi mafupa ofooka mofanana ndi amayi amene mukuwasamalira ku Malton, ngakhale kuti ankagwira ntchito yakalavulagaga moyo wawo wonse osasuta fodya, zimene zinadabwitsa madokotala amene ankati matendawa ndi a moyo wamakono. Kanthu kena kongoseketsa: amanzere anali 16 mwa anthu 100 alionse, kuposa masiku ano. Kunalibe sukulu yowamenya kuti alembere kumanja.

Pali dzenje lina limene linapezeka kunja kwa manda, pakati pa nyumba. Munali mafupa 137 a anthu osachepera khumi, ana ndi akulu omwe, a pakati pa zaka za m'ma 1000 ndi za m'ma 1300. Ena anali odulidwa ndi mipeni, makamaka pakhosi ndi kumutu, ena othyoledwa, ena owauka ndi moto. Zotsatira za kafukufuku wake zinatuluka mu 2017. Mano anaonetsa kuti anali anthu a m'dera lomwelo, osati alendo kapena adani. Malo odulidwawo sanali amene munthu wofuna nyama angadule, choncho maganizo akuti ankadyana m'nthawi ya njala sanagwire. Chimene ofufuzawo anaona kuti chikugwirizana kwambiri ndi umboni n'chakuti anthu a m'mudzimo ankaopa mizukwa. Olemba a nthawi imeneyo, m'Yorkshire momwemo, anasimba za akufa odzuka usiku kudzavutitsa amoyo, ndipo mankhwala ake anali kufukula mtembo, kuudula ndi kuutentha. Akhristu obatizidwa, okhala kufupi ndi guwa la St Martin. Mukadzamva wina kuntchito akuseka za zikhulupiriro za ku Africa, mukhoza kumuuza mwaulemu kuti akadzionere yekha ku Wharram.

Nyumba yotseka munaiona ija si ya mudzi wakale. Ndi chotsalira cha famu imene banja la Buck, eni malo a nthawi imeneyo, linamanga m'zaka za m'ma 1770. Malowo atagulidwa ndi Lord Middleton wa ku Birdsall mu 1833, famuyo inadzagwetsedwa n'kutsala mbali imodzi imene inasandutsidwa nyumba za antchito, ndipo munkakhala anthu mpaka 1976. Dziwe lija ndi la damu la chigayo chakale, limene linakonzedwanso ofukula atamaliza ntchito yawo. Potsika kuchokera poimika magalimoto munadutsa pamene panali njanji ya Malton ndi Driffield, yotsegulidwa mu 1853 n'kutsekedwa mu 1958. Ngakhale minda ikuluikulu ya makona anayi imene ili pamtunda, ndi mipanda yake yowongoka ya mitengo yaminga, ndi mafamu okhala okhaokha ozunguliridwa ndi mitengo yotchinga mphepo, zonsezo ndi za m'ma 1700 ndi 1800, pamene eni malo olemera monga banja la Sykes la ku Sledmere anagawanso Wolds n'kubwezeretsa pulawo. Alendo amajambula zithunzi n'kumati dziko lachilengedwe losakhudzidwa. Palibe ekala imodzi pamenepo imene munthu sanaipangire chiganizo.

Mudzapitenso, koma osati masana a chilimwe pamene udzu ndi wautali ndipo dzuwa lili pamutu. Mudzasankhe tsiku lopanda mitambo la mu Novembala kapena Febuluwale, chakumadzulo, dzuwa litapendeka. Mthunzi umadzutsa khoma lililonse. Malowo amasamalidwa ndi bungwe la English Heritage ndipo salipiritsa polowa, koma muvale nsapato za matope, ndipo mukapeza ng'ombe m'njira muzipatse mpata. Mukwere pamtunda, mutsate msewu wokumbika uja, ndipo pa kamtumbira kalikonse kotalika mufunefune pamene mzere wadukira pakati, mbali zonse ziwiri. Amenewo ndi makomo.

Manda a anthu a mudzi wakalewo alibe miyala yolembedwa, alimi a nthawi imeneyo sankaikiridwa zotero. Miyala imene munaiona itaima pafupi ndi tchalitchi ndi ya m'ma 1700 ndi 1800, Wharram atatha kalekale. Mukawerenge bwino pansi pa mayinawo. Pa ingapo mudzapeza palembedwa Thixendale, kwawo kwa anthu amene abale awo anawanyamula kukwera chitunda ndi kutsika chigwa, kudzawaika pakati pa nkhosa za mwini.